Nyumba ya lendi ya Aphunzitsi: Kalongwezi, Kapata kapena mudadada wa ku Mchini

Lipoti ili ndi la ntchito imene ndinaiyamba chakumapeto kwa 2024, yothandiza mayi wina wopuma pa uphunzitsi kusankha nyumba yoti agule n'kuikamo anthu a lendi muno mu Chipata. Dzina lawo sinditchula. Ndiziwatcha Aphunzitsi, monga mmene aliyense kwawo amawaitanira. Ziwerengero ndazichotsako mangwee kuti ziwerengeke msanga, ndipo ndi za nyumba zimene tinaziona ndi maso, osati mitengo ya tauni yonse.

Aphunzitsi anali ndi K850,000, ya penshoni kuphatikizapo imene anapeza atagulitsa ng'ombe zingapo. Ndi amasiye, zaka zawo zapitirira 60, ndipo amakhala kumunda kwawo kufupi ndi Katete, mtunda woposa makilomita 80 kuchoka mu Chipata. Mawondo amawavuta. Ankafuna zinthu ziwiri: kandalama kobwera mwezi ndi mwezi kogulira mankhwala, feteleza ndi zofunika za adzukulu kusukulu, komanso chinthu chooneka chodzasiyira ana. Mwana wawo wa ku Lusaka ankalimbikira kuti agule kumayadi, poti nyumba ya kumeneko sitsika mtengo. Mlongo wawo, amene amagulitsa ku Saturday Market, ankati ndalama ili m'midadada ya mu komboni, nyumba za zipinda zambiri za lendi pamzere umodzi, ndipo anali atapeza kale wogulitsa. Aphunzitsi atandipeza anangoti, "Mwana wanga, awiriwa andizunguza mutu. Ndiuze pamene ndalama yanga siidzamira."

Mmene ndimagawira tauni

Munthu wofuna nyumba yokhalamo iye mwini amafunsa ngati dera ndi la bata, ngati msewu uli wa tala, ngati akuba sasautsa. Woika a lendi ayenera kuyamba ndi funso lina: munthu amene angavomere kukhala m'nyumba iyi, ndalama yake imachokera kuti, nanga imabwera liti? Dera ndi mtundu wa nyumba ndi zimene zimakusankhirani wa lendi inu musanamuone nkhope.

Kumayadi, monga ku Kalongwezi, wolipira kawirikawiri ndi bungwe, kampani, kapena wamkulu wa pa ntchito amene wasamutsidwira kuno. Alipo ochepa, koma akalowa amalipira miyezi ingapo pakamodzi. M'madera a pakati, monga Kapata, mumakhala anthu a malipiro a pamwezi: aphunzitsi, anamwino, apolisi, a m'maofesi a boma, a m'mashopu akuluakulu. Chipata ndi likulu la chigawo, muli Chipata Central Hospital, muli sukulu monga Hillside, Anoya Zulu ndi Chizongwe, choncho anthu otere sasowa. Mu komboni, monga Mchini, Nabvutika ndi Magazine, ndalama ndi ya tsiku ndi tsiku: a njinga zonyamula anthu, amayi a pamsika, a maganyu, ndi ochita malonda a kumalire a Mwami. Ndalama ya anthu awa imayenda ndi munda ngakhale iwo eni salima. Kuyambira May mpaka cha mu September, alimi akamagulitsa chimanga, soya, nsawa, fodya ndi thonje, tauni yonse imakhala ndi ndalama m'thumba. January ndi February, mvula ili mkati, ufa wakwera, ana akubwerera kusukulu, lendi ndi imene imayamba kudikira.

Pa nyumba iliyonse ndimawerenga kawiri. Koyamba ndi kuwerenga kwa ogulitsa: lendi ya chaka chonse kuigawa ndi mtengo wa nyumba. Kachiwiri ndi kwanga: zimene zimatsala m'manja mutachotsa miyezi imene nyumba ili yopanda munthu, lendi imene siinalipidwe, zokonza, mareti a khonsolo, msonkho wa ZRA (bungwe lotolera misonkho) ndi malipiro a woyang'anira. Za msonkho, kuyambira 2022 mwini nyumba ndi amene amalipira yekha ku ZRA, ndipo chaka chimenecho unali 4 peresenti ya lendi yonse ngati siikupitirira K800,000 pachaka. Alandilodi ambiri a kuno amachita ngati lamuloli salidziwa, koma ine sindingalichotse m'masamu a munthu amene wandilemba ntchito.

Nyumba ya ku Kalongwezi

Inali nyumba yabwino, sindinganame. Zipinda zogona zitatu, mpanda wa njerwa, bwalo lalikulu lokhala ndi mango, kota kuseri, taitolo ya zaka 99 yopanda chilema chilichonse. Mtengo K1,300,000, lendi K6,500 pamwezi, kutanthauza K78,000 pachaka, kapena 6 peresenti mwa kuwerenga kwa ogulitsa.

Nkhani inathera pa ngongole. Kuti akwanitse, pamodzi ndi zolipira loya, Aphunzitsi akanafunika kukongola pafupifupi K480,000. Mabanki pa nthawiyo ankakongoza pa chiwongoladzanja choposa 25 peresenti. Chiwongoladzanja chokha chikanafika K120,000 pachaka, lendi yonse ili K78,000. Mwana wawo ananena pa foni kuti azithandizako. Ndinamufunsa mwaulemu ngati angalembe zimenezo papepala kwa zaka zisanu, ndipo sanabwererenso ku nkhaniyo.

Ngakhale ndalama ikanakhala yokwanira, sindikanailimbikitsa kwa iwo. Nyumba ya kumayadi wa lendi akatuluka, wina sabwera mawa lake. Ndinawerengera miyezi iwiri yopanda munthu, K12,000 ya zokonza (penti, mpanda, giza, udzu wa pabwalo), mareti ndi lendi ya nthaka, msonkho, ndi 10 peresenti ya ejenti. Zinatsala K41,400, kungopitirira pang'ono 3 peresenti. Komanso chilala cha 2024 chinasintha zofuna za a lendi a kumayadi. Madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankazima maola ambiri patsiku, ndipo bungwe lililonse lofuna nyumba linayamba kufunsa za sola, thanki ndi mjigo lisanafunse za zipinda. Nyumbayi inalibe zonsezo. Chuma chake chenicheni chinali bwalo lija, chifukwa pakanakwana mafulati ena awiri khonsolo itavomereza pulani. Koma zimenezo ndi za munthu amene ali ndi ndalama ina yomangira ndi zaka zodikira.

Mudadada wa ku Mchini

Apa ndi pamene tinakhalitsa, chifukwa masamu a mlongo wawo sanali opusa ayi. Zipinda 12 pamzere umodzi, khomo lililonse K350 pamwezi. Mtengo K320,000. Lendi ya chaka K50,400, pafupifupi 16 peresenti. Ndi ndalama yawo akanagula midadada iwiri yotere n'kutsala ndi chenji. Munthu aliyense wowerenga pamwamba angathamangire kumeneko.

Ndinapempha wogulitsa kuti andionetse buku limene amalembamo olipira. Poyamba anakana, kenako anatulutsa kope la ana asukulu lothimbirira ndi mafuta. Zipinda 12 kwa miyezi 12, malo olemba ndi 144. Pamene panalembedwa kuti walipira panali 108. Mipata yambiri inali pa January, February ndi March. Zipinda ziwiri zinali ndi mzere wautali wopanda kanthu kenako dzina latsopano, ndipo nditafunsa anandiuza kuti anthuwo anasamuka usiku ndi ngongole ya miyezi itatu. Chipinda china chinali cha mphwawo wa wogulitsa, amene sanalipirepo chiyambire. Ndinafunsa ngati mphwawoyo adzatuluka nyumba ikagulitsidwa. Yankho linali lakuti tidzakambirana. Mawu amenewo pa ntchito yathu amatanthauza kuti vuto ligulidwa pamodzi ndi nyumba.

Ndalama yolowadi inali K37,800. Nditachotsa msonkho, K7,000 ya zokonza ndi chimbudzi, ndi chipinda chimodzi chaulere cha woyang'anira, zinatsala pafupifupi K25,100, kapena 7.8 peresenti. Theka la zimene zinalonjezedwa, komabe kuposa Kalongwezi kawiri.

Panali zina zimene buku silinena. Mita ya ZESCO inali imodzi pa zipinda zonse, ndipo mayi wina wa pakhomopo anandinong'oneza kuti mlungu sutha osakangana pa za amene wayatsa chitofu kapena simbi mobisa. Chimbudzi cha dzenje chinali chimodzi, chitatsala pang'ono kudzaza, ndipo pa ploti panalibe malo okumba china. Makomboni ambiri a Chipata anakwera m'mphepete mwa mapiri, choncho mvula ikagwa madzi amatsika ndi mphamvu. Khoma la kumtunda linali ndi mzere wa matope kufika m'mawondo, maziko atakokoloka pangodya. Ndimakonda kuona nyumba za mu komboni mvula itangogwa chifukwa cha zimenezi. Mu October nyumba iliyonse imaoneka youma ndi yolimba.

Kenako mapepala. Wogulitsa anali ndi kalata yogulitsirana yosainidwa ndi mboni, basi. M'madera amene khonsolo inawavomereza, munthu atha kukhala ndi laisensi yokhalira pamalo ya zaka 30, imene imalembedwa m'kaundula. Iye analibe. Anthu amagulitsana nyumba mu komboni ndi makalata otere tsiku lililonse ndipo ambiri amakhala mwamtendere, chifukwa chimene chimawateteza ndi chakuti aliyense m'deralo amadziwa kuti nyumba ndi ya uje. Chitetezo chimenecho chimagwira ntchito kwa munthu wokhala pomwepo. Mayi wa ku Katete amene palibe amamudziwa, ndipo ana ake ali ku Lusaka, sachipeza.

Ndinawafotokozera Aphunzitsi kuti mudadada uli ngati dimba: umabereka kwambiri kuposa munda, koma umafuna mwini wake m'mawa uliwonse. Ija 16 peresenti si phindu la ndalama yokha. Mbali yaikulu ndi malipiro a ntchito yogogoda pakhomo, yodziwa tsiku limene wa njinga wapeza bwino, yolandira K50 lero ndi K100 Loweruka, yoweruza milandu ya malaiti. Mwini akakhala kutali, ntchitoyo aipereka kwa wina, ndipo ndalama yodutsa m'manja mwa woyang'anira pang'onopang'ono chotere siifika yonse. Tisaiwalenso kuti lamulo la Rent Act salola mwini nyumba kulanda katundu kapena kutulutsa munthu popanda chilolezo cha khoti. Kuchotsa chitseko kapena malata, monga amachitira ena, ndi kudziputira mlandu. Ndipo palibe amene angapite kukhoti chifukwa cha K700.

Mlongo wawo sanakondwe nazo. Anati, "Inu a maofesi mumaopa komboni." Ndinawayankha kuti, "Atate, inu mukanakhala ogula, ndikanakuuzani kuti mukambirane mtengo lero lomwe." Ndinkanena zoona.

Maploti a kunja kwa tauni

Tinaonanso ploti ina m'mbali mwa msewu wa ku Lundazi, ya K60,000, yochokera kwa a nyakwawa. Maganizo anali omanga mafulati awiri atsopano. Sitinachedwepo. Malowo ndi a mafumu, ndipo kuti asanduke a taitolo pamafunika chilolezo cha mfumu yaikulu, khonsolo ndi Unduna wa Zamalo malinga ndi Lands Act ya 1995, ulendo umene sutha msanga. Malaiti ndi madzi zinali zisanafike. Tauni ikukulira kumeneko, makamaka chiyambire pamene Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo wachinyamata wogula lero sadzadandaula. Koma Aphunzitsi ankafuna lendi chaka chomwecho, osati kuyang'anira amisiri ndi matumba a simenti ali ku Katete.

Nyumba ya ku Kapata

Iyi siinali yokongola. Ndi imodzi mwa nyumba zakale za khonsolo zimene zinagulitsidwa kwa okhalamo pa nthawi ya a Chiluba, kuyambira 1996. Zipinda zogona ziwiri, denga la asibesitosi long'aluka pena, mawaya a magetsi akale, ndipo kuseri banja la eni nyumba linamanga timafulati tiwiri ta chipinda chogona ndi pabalaza. Mtengo K620,000. Nyumba yaikulu inkalipidwa K2,300, mafulati K1,200 lililonse.

Chimene chinandikopa ndi a lendi. M'nyumba yaikulu munali mphunzitsi ndi banja lake, amene anali atakhalamo zaka zingapo. Fulati lina linali la namwino, lina la mnyamata wogwira ntchito mu shopu ina m'tauni. Onse amafika kuntchito wapansi kapena pa njinga, msika wa Kapata uli pafupi, madzi a paipi alipo. Ndinayenda m'misewu yoyandikana kufunsa ngati pali nyumba yopanda munthu, ngati ndine wofuna lendi. Kulikonse ankandiuza kuti ndachedwa, kapena kuti ndisiye nambala. Kufunsa kotere kumandiuza zambiri kuposa zimene amalemba pa Facebook, kumene mitengo imakhala ya zofuna za eni nyumba, osati ya zimene anthu akulipira.

Masamu ake anali otere. Kukonza denga, mawaya, dzenje la zonyansa, ndi kuika mita ya malaiti pa khomo lililonse: K70,000. Loya ndi zolipira zina: K25,000. Zonse pamodzi K715,000. Itakonzedwa, ndinaona kuti nyumba yaikulu ingafike K2,500 ndi mafulati K1,400, kutanthauza K63,600 pachaka. Nditachotsa mwezi umodzi wopanda munthu, msonkho, mareti, K6,000 ya zokonza ndi 10 peresenti ya ejenti, zinatsala pafupifupi K43,000, kapena 6 peresenti.

Woona bwino aona kuti 6 ndi yochepa kuposa 7.8 ya ku Mchini. Sindinawabisire. Kusiyana kwake n'kwakuti 6 iyi imalowa pa foni kumapeto kwa mwezi malipiro akatuluka, kuchokera kwa anthu atatu amene abwana awo amadziwika, pamene 7.8 ija ndinaitenga m'buku la munthu wokhala pakhomo pomwepo. Komanso makomo atatu ndi abwino kuposa khomo limodzi la kumayadi: mmodzi akatuluka, awiri akulipirabe.

Mita ya pakhomo lililonse ndimaiumirira kulikonse kumene mabanja agawana ploti. Imaoneka ngati ndalama yotayika poyamba, koma a lendi abwino ambiri amasamuka chifukwa cha mikangano ya mayunitsi ndi bilu ya madzi, osati chifukwa cha mtengo wa nyumba.

Vuto la ku Kapata linali m'mapepala, ndipo ndi vuto limene ndimalipeza kawirikawiri pa nyumba zogulidwa m'zaka zimenezo. Pepala la umwini linali likadali m'dzina la bambo amene anagula, ndipo iwo anamwalira kalekale osasiya wilo. Wogulitsa anali mwana wawo wamkulu, amene ankalankhula ngati nyumba ndi yake. Ana analipo asanu, mmodzi ali ku Copperbelt, ndipo mayi wawo ali moyo kumudzi. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limapereka nyumba yotere kwa mkazi wamasiye ndi ana onse pamodzi, ndipo woyang'anira chuma cha masiye sangaigulitse popanda chilolezo cha khoti. Ndinawauza Aphunzitsi kuti asatulutse ngakhale ngwee imodzi m'manja mwa mnyamatayo. Ndalama ya chikole inapita kwa loya, n'kukhala komweko mpaka banja lonse litasaina ndipo khoti litavomereza. Mnyamatayo anakwiya, nati pali wina wofuna kulipira kashi mawa. Mwina analipodi. Koma wogula wotere amadzakumana ndi mlongo wa ku Copperbelt patapita zaka ziwiri, ali ndi samani m'manja.

Kukhonsolo tinapeza ngongole ya mareti ya zaka zingapo, ndipo ku kampani ya madzi kunalinso bilu yotsalira. Zonsezi zinachotsedwa pa ndalama ya ogulitsa. Tinapezanso kuti mafulati a kuseri anamangidwa popanda pulani yovomerezeka. Izi sizinaletse kugula, koma tinalemba m'pangano kuti ogulitsa athandize kupereka zojambula kukhonsolo.

Kuchedwa kwa kukhoti kunabweretsa nkhani ina. Msonkho wosinthira umwini wa malo, umene amalipira wogulitsa, unali 5 peresenti mpaka kumapeto kwa 2024, ndipo kuyambira January 2025 unakwera kufika pa 8 peresenti. Pa K620,000, unachoka pa K31,000 kufika pa K49,600. Banja lija linafuna kukweza mtengo ndi K18,600 yonse. Mwa lamulo Aphunzitsi akanatha kukana. Ine ndinawalangiza kuti agawane pakati, chifukwa banjalo linali litachita zonse zimene tinapempha, ndipo nyumba ina yotere ikanatitengera miyezi kuipeza. Anavomera, nawonjezera K9,300.

Funso la mabondi

Pali chinthu chimene ejenti ambiri sanena chifukwa sichiwapatsa komishoni. Pa nthawiyo mabondi a boma a zaka zambiri, mapepala amene munthu amagula pokongoza boma ndalama, ankapereka phindu loposa 20 peresenti pachaka, popanda denga lodontha kapena wa lendi wothawa. Ndinawauza Aphunzitsi mosabisa kuti pa ndalama ya m'manja chaka ndi chaka, nyumba iliyonse mwa zimene taona ikugonja kwa mabondi. Chimene nyumba ili nacho n'chakuti lendi imakwera zinthu zikamakwera, ndipo njerwa sizitha mphamvu monga ndalama. Mu 2013 dola imodzi inali pafupifupi K5. Mu 2024 inapitirira K25. Munthu amene anasunga K850,000 m'pepala zaka zonsezo n'kumadya chiwongoladzanja chonse, lero ali ndi nambala yomweyo koma yogula zochepa kwambiri.

Iwo anamvetsera, kenako anati, "Pepala la boma adzukulu anga sangagonemo." Sindinatsutse. Tinagwirizana kuti ndalama yotsala, pafupifupi K125,000, isalowe m'nyumba ina kapena m'manja mwa achibale. Gawo lalikulu linapita ku mabondi kudzera kubanki yawo, ndipo K30,000 inakhala mu akaunti yapadera ya zogwa mwadzidzidzi za nyumbayo. Eni nyumba ambiri amene ndawaona akugulitsa motchipa sanagwe chifukwa chogula pa dera loipa. Anagula ndi ndalama yonse, denga litavuta n'kusowa pogwira.

Zimene zachitika chigulireni

Ntchito yokonza inachitika mvula itatha, a lendi ali momwemo, khomo limodzi pa nthawi. Denga linadya ndalama yoposa imene tinaika chifukwa mitengo ina ya pamwamba inapezeka yodyedwa ndi chiswe, ndipo yowonjezerayo inachoka mu akaunti yapadera ija. Onse atatu anasaina pangano lolembedwa la chaka chimodzi, lokhala ndi tsiku lolipira, chikole cha mwezi umodzi, ndi amene akonza chiyani. Mphunzitsi uja anadandaula ndi K200 yowonjezera, koma ataona mita yakeyake ndi siling'i yatsopano anasaina.

M'miyezi 7 yoyamba ya lendi yatsopano, ndalama yoyembekezeka inali K37,100. Yolowa inali K34,300. Yosowayo ndi ya fulati la namwino, amene anasamutsidwira ku Petauke, ndipo khomolo linakhala miyezi iwiri lopanda munthu chifukwa Aphunzitsi anakana anthu awiri oyamba atacheza nawo pa foni. Ine ndikanalandira wachiwiriyo, koma nyumba ndi yawo. Palibe amene wachedwapo kupitirira mlungu.

Nyumba ya ku Kalongwezi ija siinagulidwe. Boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri kumayambiriro kwa 2025, bungwe limene linkailipira linachepetsa antchito, ndipo nyumbayo inakhala yotseka kwa miyezi mpaka mwini wake anatsitsa lendi. Izi palibe amene akanazilosera, ndipo sindikuzilemba kuti ndioneke wanzeru. Zikungoonetsa kuti kumayadi a lendi ndi ochepa ndipo ambiri ndalama yawo imachokera kumodzi.

Mudadada wa ku Mchini anagula ndi mlongo wawo uja, atasonkha ndalama ndi mnzawo wa pamsika, pa mtengo wotsikirako. Anasamukira m'zipinda ziwiri za kumapeto, mphwawo wa wogulitsa anatuluka mwezi womwewo, anakumba ngalande kumtunda ndi kuika mita yachiwiri. Anandionetsa buku lawo, ndipo mipata ndi yochepa kwambiri kuposa ya mwini wakale. Amatolera madzulo alionse akamachoka kumsika. Laisensi ya kukhonsolo sanaitengebe, ndipo ndimawakumbutsa nthawi iliyonse tikakumana.

Kwa Aphunzitsi zatsala ziwiri. Pulani ya mafulati a kuseri ikadali kukhonsolo, ndipo mpaka itavomerezedwa ndawalangiza kuti asawonjezere chipinda china ngakhale malo alipo. Chachiwiri ndi wilo. Ataona zimene banja la ogulitsa linadutsamo, anandipempha okha kuti ndiwaperekeze kwa loya, ndipo tagwirizana kuti tipite akadzabwera kudzagulitsa soya.